Bambo akukodza magazi ndipo mankhwala a likodzo sakuthandiza: tivomere opaleshoni?

Funso

Adokotala, ine ndimakhala ku Lilongwe koma kwathu ndi m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota. Bambo anga ali ndi zaka 59, ndi asodzi chiyambire ubwana wawo, ndipo amasuta chingambwe. Chaka chatha anayamba kukodza magazi. Amwa mankhwala a likodzo katatu, magazi amasiya kenako n'kubweranso. Mwezi watha anawajambula, akuti m'chikhodzodzo muli chotupa ndipo mwina ndi khansa. Atipatsa kalata yopita kuchipatala chachikulu, ndipo tamva kuti akhoza kuchotsa chikhodzodzo chonse. Azakhali ndi abambo aang'ono akukana, akuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imafalikira. Kodi likodzo limasanduka khansa? Nanga munthu angakhale bwanji wopanda chikhodzodzo?

Yankho

Mayi, pepani ndi matenda a bambo. Ndiyambe ndi chimene chili chachangu. Kalata imene anakupatsaniyo musaisunge m'chikwama kudikira kuti abale onse agwirizane. Pitani nawo bambo kuchipatala chachikulu sabata ino kapena yamawa. Palibe amene adzawachotse chikhodzodzo tsiku loyamba. Panopa chodziwika n'chakuti sikani yaonetsa chotupa, basi. Sikani yotereyi siinena kuti chotupacho ndi cha mtundu wanji, ndiponso siionetsa bwinobwino kuti chalowa mozama bwanji. Chithandizo chonse chimadalira mayankho a mafunso awiri amenewa, ndipo kumudziko akukangana mayankhowo asanapezeke.

Tsopano za likodzo. Tizilombo take timachulukana m'nkhono za m'madzi, timatuluka n'kuboola khungu la munthu amene akusamba, kuchapa kapena kukoka khoka. Sachita kumwa madziwo ayi, kungoima m'madzimo n'kokwanira. Tikalowa m'thupi timakula n'kukhala nyongolotsi zing'onozing'ono zimene zimakakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo yaikazi imaikira mazira mazanamazana tsiku lililonse. Dzira lililonse lili ndi kaminga kunsonga. Mazira ena amaboola khoma la chikhodzodzo n'kutuluka ndi mkodzo, ndiye timadontho ta magazi timene ana amaona pomaliza kukodza tija. Ena ambiri amatsakamira m'khomamo. Thupi limalimbana nawo, pamachita tizilonda, tizilondato timapola n'kusiya zipsera, kenako mazira atsopano amabweranso. Msodzi amene anayamba kulowa m'nyanja ali ndi zaka 7, pofika zaka za bambo anuzi chikhodzodzo chake chakhala chikuchita zilonda ndi kupola kwa zaka zoposa 50. Kakhungu kosalala ka m'kati kamayamba kukhakhala ngati chikhatho cha munthu wogwira khasu, ndipo pakhungu losinthikalo m'pamene khansa imamera. Ndiye kuyankha funso lanu, likodzo lokhalitsa limakonza malo amene khansa imayambira. Si aliyense wa likodzo amene amadwala khansa, ambiri sadwala, koma ngoziyo ndi yeniyeni.

Zimenezi si zongoganizira. Nyongolotsiyi anaitulukira ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mu 1851 akugwira ntchito ku Cairo, n'chifukwa chake m'kabuku ka kuchipatala mumaona atalemba kuti bilharzia. Mu 1911 dokotala wina ku Cairo komweko, A. R. Ferguson, analemba za kuchuluka kwa khansa ya chikhodzodzo pakati pa anthu odwala likodzo. Mu 1994 IARC, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, inaika nyongolotsi ya likodzo la m'chikhodzodzo m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Ndipo dziko la Egypt litalimbana ndi likodzo kwa zaka zambiri, mtundu wa khansa wotsatira likodzo unatsika moonekeratu m'zipatala zawo.

Chimene chimandipweteka mtima m'nkhani yanuyi ndi mawu akuti "katatu". Mankhwala a likodzo aja, praziquantel, amapha nyongolotsi ndipo amagwira bwino ntchito, koma safafaniza zipsera zakale ndipo chotupa sachidziwa n'komwe. Tsoka lake n'lakuti chotupa cha m'chikhodzodzo chimatulutsa magazi modukizadukiza. Lero mkodzo wafiira, mawa wayera, papita mwezi osaona kanthu. Munthu akamwa mankhwala, magazi n'kusiya pa nthawi yawo, aliyense amati mankhwala agwira. Kunyanja tinazolowera magazi mumkodzo mpaka m'midzi ina mnyamata akayamba kukodza magazi amangoti wakula. Sindikudzudzula amene anapereka mankhwala ulendo woyamba, chifukwa kwa msodzi wa ku Nkhotakota, Salima, Mangochi kapena ku Chilwa likodzo ndilo loyamba kuliganizira. Koma munthu wopitirira zaka 40 akakodza magazi, makamaka popanda ululu, ndipo magaziwo n'kubweranso atamwa kale mankhwala, ulendo wachiwiri afunika kumujambula ndi kumuyang'ana m'kati. Ena owerenga yankholi amene ali ndi makolo otere, chonde aumirire zimenezi mwaulemu.

Khansa ya chikhodzodzo ilipo mitundu ingapo, koma iwiri ndiyo ikukhudza bambo anu. Padziko lonse anthu opitirira 600,000 anapezeka ndi khansayi mu 2022, pafupifupi atatu mwa anayi alionse anali amuna. Ku Ulaya ndi ku America pafupifupi 9 mwa 10 alionse amakhala ndi mtundu umene madokotala amautchula urothelial, woyambira pakakhungu kachibadwa ka m'chikhodzodzo. Choyambitsa chake chachikulu ndi fodya, amene amabweretsa pafupifupi theka la odwala kumeneko. Anthu amadabwa kuti utsi wolowa m'mapapo ukafika bwanji kumunsi. Poizoni wa fodya amalowa m'magazi, impso zimamusefa, ndipo amakakhala mumkodzo umene ukugona m'chikhodzodzo usiku wonse. Chingambwe sichiposa fodya wa m'sitolo ubwino pa nkhani imeneyi. Mankhwala ena a m'mafakitale a utoto ndi mphira amachitanso chimodzimodzi, ndipo zinadziwika kalekale mu 1895 pamene dokotala Ludwig Rehn wa ku Frankfurt anaona zotupazi mwa anthu ogwira ntchito yopanga utoto. Mtundu wachiwiri, wotchedwa squamous, ndi umene umatsatira likodzo, miyala ya m'chikhodzodzo kapena paipi ya mkodzo yokhalitsa. Ku Ulaya ndi wosowa, koma kuno kwathu, ku Zambia ndi ku Mozambique timakumana nawo kawirikawiri, ndipo umagwira anthu asanakalambe kwenikweni. Bambo anu ali ndi zonse ziwiri, nyanja ndi fodya, kotero palibe angalosere mtundu wake popanda kupima.

Akafika kuchipatala adzawatenga magazi kuti aone kuchuluka kwa magaziwo ndi mmene impso zikugwirira ntchito. Kenako pali kupima kotchedwa cystoscopy: kapaipi kowonda kokhala ndi kamera ndi nyali kamalowa kudzera m'njira ya mkodzo, ndipo dokotala amaona chotupacho ndi maso. Sang'amba pamimba. Nthawi zambiri, wodwala atabayidwa jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kapena atagonekedwa, amapala chotupacho kudzera m'kapaipi komweko, n'kutumiza nyama imene apalayo kulabotale. M'kabuku mudzaona atalemba TURBT. Zotsatira zimatha kutenga masabata angapo, ndiye musachoke musanafunse tsiku lobwera ndi ofesi yokazitengako. Ngati n'kotheka adzajambulanso ndi makina a CT kuti aone impso, anabele a m'chiuno, chiwindi ndi mapapo.

Nkhani ya kuzama ndiifotokoze chonchi. Taganizani za nyumba ya kumudzi yomata dothi, m'kati mwa khoma muli nsichi. Chiswe chikangoyala pamwamba pa dothi, mumachipala n'kumatanso, nyumba ili bwinobwino, kungoti muziyendera khomalo chifukwa chimabwerera. Chikalowa m'nsichi, kupala pamwamba sikuthandizanso. Khoma la chikhodzodzo lilinso chimodzimodzi: m'kati muli kakhungu, kuseri kwake kuli mnofu umene umafinya mkodzo, kunja kuli mafuta. Mukaona Ta kapena T1, chotupa sichinafike mumnofu. T2 chalowa mumnofu, T3 chabooleza kufika kumafuta, T4 chagwira ziwalo zoyandikana nazo.

Chikapezeka kuti sichinafike mumnofu, chikhodzodzo sichichotsedwa kawirikawiri. Kupala kuja kumakhala chithandizo chenichenicho, nthawi zina amabwereza pakapita masabata ochepa, ndipo amatha kuthira mankhwala m'chikhodzodzo momwemo kudzera m'paipi. Amodzi mwa mankhwalawa mukuwadziwa kale. Ndi BCG, katemera wa TB amene amabaya ana akhanda n'kusiya kachipsera pamkono. Mu 1976 dokotala Alvaro Morales ku Canada anaonetsa kuti akathiridwa m'chikhodzodzo kamodzi pasabata kwa masabata 6, amadzutsa chitetezo cha thupi kuti chilimbane ndi khansa ya pamwamba. Sapezeka paliponse, ndipo dokotala ayenera kudziwa ngati wodwala ali ndi HIV kapena TB asanawapereke. Khansa ya pamwambayi simapha msanga koma imakonda kubwerera, kotero kamera ija amailowetsanso pakatha miyezi 3, kenako mobwerezabwereza kwa zaka.

Sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chopitirira muyezo. Ku Ulaya atatu mwa odwala anayi amapezeka khansa ili pamwamba, koma mtundu wotsatira likodzo nthawi zambiri timaupeza utalowa kale mumnofu, ndipo bambo anu atha chaka akutaya magazi. Konzekerani mumtima kuti nkhani yochotsa chikhodzodzo ikhoza kubwera. Ikabwera, ndipo madokotala n'kuona kuti khansa sinapite kutali komanso thupi la bambo lingapirire, malangizo anga ndi akuti muvomere. Pa mtundu wa squamous, opaleshoni ndiyo njira imene ili ndi mwayi weniweni wochiritsa, chifukwa mtundu umenewu sumva bwino mankhwala a khansa a m'diripi kapena cheza, kutanthauza kuwotcha chotupa ndi kuwala kwamphamvu kochokera m'makina. Ndipo madokotala amafuna kuti ichitike pasanathe miyezi 3 chidziwikireni kuti khansa yalowa mumnofu, chifukwa kupitirira apo mwayi umayamba kuchepa.

Azakhali anu musawaone ngati anthu osazindikira. Zimene akunenazo zili ndi pochokera. Anaonapo munthu atapita ku opaleshoni ya khansa, n'kubwerako, n'kumwalira patangopita miyezi iwiri. Chimene sanaone n'chakuti munthuyo anafika kuchipatala matenda atamwazika kale, atayamba wazungulira kwina konse, ndipo madokotala atatsegula anapeza kuti palibenso chochotsa. Mpeni unabwera pomalizira, ndiye mlandu unagwera mpeniwo. Chotupa chosiyidwa sichikhala phee. Chimakula mpaka kutseka timapaipi tiwiri totsitsa mkodzo kuchokera ku impso, impso zimatupa n'kusiya kugwira ntchito, ndipo odwala ambiri a khansa imeneyi kuno amafa ndi impso komanso kutha magazi. Ngati n'kotheka, tengani azakhali kapena mmodzi wa abambo aang'ono adzamve okha kwa dokotala. Mawu ochokera kwa inu mwana amatha kuwakana, koma akaona chithunzi cha sikani ndi maso awo mitima imafewa. Komanso musaiwale mwini thupi. Pa mkangano wonsewu sindinamve kuti bambo akuti chiyani. Auzeni zoona m'Chichewa chomveka, chifukwa wosayina pepala ndi iwo, ndipo amene adzakhale ndi zotsatira zake ndi iwo.

Opaleshoniyo ndi yaikulu, sindibisa. Imatenga maola angapo. Kwa abambo amachotsa chikhodzodzo, prostate (kachiwalo ka amuna kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo) ndi anabele ozungulira, ndipo kwa amayi nthawi zambiri amachotsanso chiberekero. Pamafunika magazi, kotero abale athanzi akonzeke kukapereka. Wodwala amagona m'chipatala sabata imodzi kapena awiri, nthawi zina kupitirira, ndipo mphamvu zimabwerera pang'onopang'ono kwa miyezi. Pamatha kukhala zovuta monga bala kuchita mafinya, matumbo kuchedwa kuyamba ntchito, ndipo owerengeka amamwalira nayo. Mphamvu za m'banja kwa abambo kawirikawiri zimachepa kapena kutha, ndipo nkhani imeneyi apatseni mpata akambirane ndi dokotala paokha, inu mutatuluka.

Nanga mkodzo uzipita kuti? Chikhodzodzo sichipanga mkodzo, ntchito yake n'kusunga chabe. Zopanga mkodzo ndi impso, ndipo izo zimatsala. Njira yofala kwambiri, imene dokotala Eugene Bricker wa ku America anaitchukitsa mu 1950, ndi yodula kachidutswa ka matumbo aang'ono ka masentimita pafupifupi 15, kulumikizako timapaipi ta impso tija, n'kutulutsa nsonga yake pamimba, chakumanja m'munsi mwa mchombo. Pamakhala kabowo kofiira ngati m'kamwa, kosapweteka, ndipo pamamatidwa kathumba kolandira mkodzo. Munthu amakhuthula kathumbako kangapo patsiku n'kukasintha pakapita masiku angapo. Akavala malaya palibe angadziwe. Amasamba, amayenda, amakwera basi, amapita kokapemphera. Vuto lake kuno ndi kapezedwe ka matumbawo, ndiye funsani opaleshoni isanachitike kuti muzikawatenga kuti ndipo adzakuphunzitsani ndani kumata kwake. Chifukwa cha vuto lomweli, madokotala ena mu Africa amasankha kulumikiza timapaipito ku matumbo aakulu kuti mkodzo uzituluka kunjira ya chimbudzi, popanda thumba. Njirayi imafuna impso zabwino ndi minofu yolimba ya kotulukira chimbudzi, ndipo wodwala amafunika kupimidwa magazi pafupipafupi chifukwa mchere wa m'thupi umatha kusokonekera. Palinso njira yosoka chikhodzodzo chatsopano ndi matumbo kuti munthu azikodza monga kale, koma siyenera aliyense ndipo imafuna chisamaliro chambiri pambuyo pake. Za usodzi, kukonza maukonde ndi kugulitsa nsomba adzatha, koma kukoka khoka ndi kunyamula zolemera adikire mpaka dokotala avomereze.

Zotsatira zikaonetsa mtundu wa urothelial umene walowa mumnofu, pamakhala njira zambiriko. Amatha kuyamba ndi mankhwala a m'diripi, amene anthu amangoti kemo, makamaka cisplatin ndi gemcitabine, kenako opaleshoni. Cisplatin amafuna impso zogwira bwino, chimene chili chifukwa chinanso chosachedwera. Kwa ena amapala chotupa n'kupereka cheza pamodzi ndi kemo, chikhodzodzo n'kutsala. Kwa zaka zambiri Amalawi ofuna cheza ankatumizidwa kunja, koma tsopano makina ake ayamba kupezeka m'dziko muno, ndiye funsani ngati bambo angathandizidwe nawo.

Pali kuthekera kwina kumene ndiyenera kukutchula. Mwina adzakuuzani kuti khansa yapita patali ndipo opaleshoni singathandize. Mawu akuti "palibe chimene tingachite" musawalandire n'kubwerera kumudzi chimanjamanja. Ululu umaletseka ndi morphine wakumwa, amene sapha munthu ndipo sasokoneza mutu akamwedwa mwa muyezo. Cheza chimatha kuchepetsa kutaya magazi. Magazi amawonjezeredwa, mkodzo wotsekeka umatsegulidwa. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zili ndi anamwino osamalira odwala matenda osachiritsika. Pemphani kalata yopita kwa iwo msanga, osadikira masiku omaliza.

Pamene mukudikira, bambo azimwa madzi ambiri kuti magazi asaundane m'chikhodzodzo, pokhapokha dokotala atawaletsa chifukwa cha impso. Pa ululu amwe panado. Asamwe brufen, diclofenac, indosidi kapena aspirin wogula pagolosale, chifukwa amenewa amawonjezera kutaya magazi ndipo amavulaza impso. Ngati pali mankhwala azitsamba amene akumwa, muuzeni dokotala mosabisa, poti ena amalemetsa impso zimene zatopa kale. Fodya asiye lero. Ngakhale khansa ilipo kale, kusiya kumathandiza mapapo pa opaleshoni ndi kupola kwa bala. Azidya bwino, usipa, nyemba, mazira, masamba, chifukwa munthu wowonda ndi wochepa magazi madokotala amaopa kumugoneka. Akalephera kukodza mimba n'kutupa, akatulutsa zibuma za magazi, mkodzo ukachepa kwambiri, miyendo ikatupa, akatentha thupi ndi kunjenjemera, kapena akayera m'manja n'kumachita chizungulire, musadikire tsiku limene anakupatsani. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Popita tengani kabuku ka kuchipatala, pepala la sikani ndi mapaketi a mankhwala onse amene amwa. Tenganinso kope ndi cholembera, mulembe mayankho a mafunso awa: ndi mtundu wanji, yalowa mumnofu kapena ayi, yafalikira kwina, impso zili bwanji, ndipo chithandizo chimene akunenacho n'chofuna kuchiritsa kapena kuchepetsa ululu. Funso lomalizali anthu amaopa kulifunsa, koma ndi limene lidzakuthandizeni kulankhula ndi abale momveka.

Khansa imeneyi siipatsirana. Mayi anu, inu, ndi adzukulu mukhoza kudya nawo mbale imodzi ndi kuwachapira popanda mantha. Chimene mungakhale mutagawana ndi nyanja yomwe ija. Inu munakulira komweko, ndiye ngati simunamwepo praziquantel muli wamkulu, kapimitseni mkodzo, ndipo auzeninso alongo ndi abale anu. Kwa amayi likodzo limagwiranso njira ya chiberekero n'kumaoneka ngati matenda ena. Ana anu akapita kutchuthi kwa agogo n'kukasambira, akamwe mankhwala pakapita miyezi iwiri kapena itatu chibwerereni, chifukwa mankhwalawa amapha nyongolotsi zikakula. Ndipo alangizi a zaumoyo akabwera kusukulu kudzagawa mankhwala a likodzo, mwana adye nsima kapena phala lokwanira m'mawa umenewo asanamwe, kuti asachite chizungulire ndi nseru zimene zimachititsa makolo ambiri kukaniza ana awo.